Makina a kapinga ndi chikwama cha apongozi

Ine ndine mayi woimba. Ndikamasesa ndimaimba, ndikamatsuka mbale ndimaimba, ngakhale pokangana ndi wogulitsa makala mawu anga amatuluka ali ndi kamchira ka nyimbo. Kulemba ndinaphunzira mochedwa, imvi zili mbuu, ku sukulu ya kwacha, ndiye mukaona mawu ena akuyenda chokhotakhota musawadzudzule, akuvina. Koma dzinja limene ndikufuna kukamba pano nyimbo inandiuma pakamwa, chifukwa mkamwini wanga anali atalongedza chikwama cha ku Joni.

Timakhala ku Chinamwali, kumunsi kwa phiri. Pakhomo tinalipo anayi: ine, mwana wanga wamkazi wotsiriza, mwamuna wake, ndi khanda lawo limene linali lisanayambe ndi kukwawa komwe. Mwamunayo ine ndimati apongozi, iwonso kwa ine amati apongozi. Anali akabaza, munthu wofatsa, wa msana wolimba, wokwera chitunda cha ku Masongola atanyamula mayi wonenepa ndi thumba lake la chimanga osatsika. Njinga yawo inabedwa pamsika masanasana, iwo atalowa m'sitolo kukatula katundu wa kasitomala. Kuyambira tsiku limenelo anangokhala pakhonde, manja ali pamawondo, kuyang'ana njinga za anzawo zikudutsa mumsewu. Kenaka kunabwera mnzawo wina wa jekete lonyezimira, nawauza kuti kumapeto kwa mwezi kuli galimoto ya ku Joni ndipo malo alimo.

Joni ine ndimamudziwa. Mwana wanga woyamba wamwamuna anapita komweko, anati amayi ndibwera pa Khirisimasi. Makhirisimasi adutsa, adutsa, adutsanso. Sanafe ayi, nthawi zina amaimba foni, koma ana ake anakula akutchula munthu wina kuti ababa. Ndiye nditaona chikwama chija, mtima wanga unayamba kuyenda wokha m'nyumba monse. Ndimasesa pabwalo, ndikamaliza ndimayambanso. Ndimatenga ndowa kupita kumpopi, kufika kumeneko n'kupeza kuti ndowayo ndi yodzaza kale.

Mwana wanga sanalire, sanatukwane. Anangotseka pakamwa ngati botolo. Chakudya amawaikira amuna akewo, madzi osamba amawaikira, koma mawu ngakhale amodzi ayi. Pamenepo ndi pamene panali vuto langa, chifukwa kwathu kuno mpongozi ndi mkamwini sayankhulana maso ndi maso. Sitikhala pamphasa imodzi, sitipatsana chinthu pamanja. Tikakumana m'njira yopapatiza, ine ndimalowa m'chimanga iwo n'kudutsa atayang'ana kumbali. Ena masiku ano anazisiya zimenezi, amadyera limodzi mpaka kujambulitsa pa foni atagwirana mapewa. Ife ayi. Ndi ulemu umene amayi anga anabwera nawo kuchokera kutsidya kwa malire, ndipo apongozi anga nawonso anakulira momwemo. Mawu anga onse kwa iwo amadutsira mwa mwana wanga. Tsopano mlatho unali utagwa.

Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi ndinadzera kumsika, ndipo ndinakumana ndi bambo wina wachikulire wa kofia yoyera, mnzawo wa malemu amuna anga. Iwo amayang'anira nyumba ina ya alendo pamwamba pa phiri. Tinapatsana moni wautali, wa miyendo, wa msana, wa mvula. Kenaka anati:

"Alamu, makina a achimwene aja alipo?"

"Alipo, agona kukhitchini ndi chiguduli."

"Kwathu kuphiri kapinga wandichititsa manyazi. Makina a petulo anafa, ndipo petuloyo mwaona nokha mizere yake. Anyamata a zikwakwa akatchetcha, bwalo limaoneka ngati mutu wometedwa ndi chibenthu cha botolo. Ngati makinawo akudula, ndipo pali munthu wowakankha, abwere Loweruka m'mawa, alendo akufika madzulo ake. Akapanda kubwera ndiitana a zikwakwa omwewo, ndipo sindidzakuvutitsaninso."

Ndinabwerera kunyumba osagula ndi tomato yemwe.

Makinawo ndiwafotokoze. Amuna anga anagwira ntchito ya m'maluwa kuphiri kuyambira ali mnyamata mpaka mawondo atayamba kulira. Eni nyumba pochoka anawasiyira makina okankha ndi manja, opanda injini, opanda utsi. Ali ndi matayala awiri, ndipo pakati pa matayalawo pali kamgolo ka mipeni yopotoka. Ukamakankha, kamgoloko kamazungulira n'kumapsompsona mpeni wina wogona pansi, umene suyenda. Kapinga amadukira pamene mipeni iwiriyo yakumana, ngati mmene sizasi imadulira nsalu. Kumbuyo kuli mpukutu wa thabwa wokwezera kapena kutsitsira. Basi, makina onse ndi amenewo. Amuna anga akamawakonza pakhonde, ine ndinali wogwirira ndi wong'amba mapepala oyesera. Sindinaphunzitsidwe, koma khutu linamva, manja anaona.

Tsopano ndiwauza bwanji apongozi? Ndinakoka makinawo kuwaika pakati pa bwalo, ndinachotsa chiguduli, ndinapita kumpanda ndi kuitana mayi woyandikana nafe. Ndinawafotokozera nkhani yonse ya kuphiri mokweza mawu ngati ndikulalikira, mpaka iwo anati, "Inu anganga, makutu anga ali bwinobwino." Ndinati ndikudziwa, koma pakhonde pali makutu ena.

M'mawa mwake ndinamva zitsulo zikulira. Ndinasuzumira pa kawindo ka khitchini: apongozi agwada, makina awagoneka chagada, atenga masipanala awo a njinga. Mtima wanga unati myaa. Koma sunakhalitse.

Munthu wa kabaza amadziwa chinthu chimodzi, chakuti chomasuka chimapha. Nati yomasuka pa njinga ndi maliro. Ndiye iwo anayamba kumanga chilichonse chimene sipanala inagwira, kumanga mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Pali mabawuti awiri, wina kumanzere wina kumanja, amene amasendeza mpeni wogona uja kufupi ndi kamgolo. Amenewo amafuna kuwanyengerera, kuwapotoza pang'onong'ono ngati ukutsegula chitseko cha chipinda chimene mwagona mwana. Iwo anawamanga ngati akumanga goli la ng'ombe. Atatero anatenga tupa, nayamba kunola mpeni uliwonse wa kamgolo monga tinolera chikwakwa, kwee kwee kwee, kuyesa ndi chala, kwee kwee. Ine kukhitchini ndinaluma nsalu. Mipeni imeneyo siifuna kuthwa kwa chikwakwa. Imafuna kulingana, kuti yonse ifike pa mpeni wogona mofanana kuyambira uku mpaka uko. Tupa amadya pena kwambiri pena pang'ono.

Anakayesa pa kapinga wa m'mbali mwa ngalande. Kukankha, matayala angokhwekhwereza, kamgolo kali nji. Anabwerera, anamasula mabawuti aja kwambiri. Kukankhanso, kamgolo kakuzungulira bwino, koma kapinga akungowerama n'kudzukanso kumbuyo kwawo, wina wotafunidwa ngati wadyedwa ndi mbuzi yopanda mano. Anayesa, anayesa, thukuta kamukamu. Potsiriza anawatsamiritsa kukhoma, nauza mphepo kuti, "Makinawa anapita ndi eni ake."

Madzulo a tsiku lomwelo wa jekete uja anabweranso. Anaima kumsewu akunong'onezana, ine ndikumva mawu amodziamodzi: malire, dalaivala, bulangete lokhuthala chifukwa kumeneko kumazizira.

Ndinamutsatira mwana wanga kubafa kumene amachapa matewera.

"Iwe, kawauze amuna ako kuti makinawo sanafe. Angowamanga molakwika."

"Kawauzeni nokha, amayi."

"Ukudziwa kuti sindingathe."

"Inenso sindingathe. Munthu wa ku Joni ndilibe naye mawu. Ayambe kuzolowera."

"Mwana iwe, ukunyada ndi nyumba ikupsa."

"Anayatsa ndine?"

Anapitiriza kufikisa thewera ngati thewera ndilo lamulakwira. Ndinamusiya.

Pofika Lachisanu m'mawa ndinali nditaganiza. Ndinamutenga mdzukulu wanga, ndinamubereka kumbuyo, ndinatenga kampando ndi kukakhala pafupi ndi makina aja, nkhope kukhoma, msana ku khonde kumene kunali apongozi. Mwambo umaletsa ine kuyankhula ndi iwo. Suletsa gogo kuimbira mdzukulu wake. Ndinayamba chapansipansi, ndikumugwedeza:

"Gona mwana, gona,
makina a ambuyako sanafe, akomoka,
gona mwana, gona,
atate ako abwere ndi sipanala yaing'ono ija."

Ndinamugwedezanso. Ndinabwereza. Nkhuku inadutsa. Ndinabwerezanso kachitatu, ndikuganiza kuti mwina munthuyu mtima wake unawoloka kale malire. Kenaka ndinamva mpando wa pakhonde ukukhwekhwereza, mapazi, ndi kachikwama ka masipanala kakugwa pansi kumbuyo kwanga. Anakhosomola. Anati:

"Iwe kamwana, afunse anganga ako. Ndiyambire mbali iti?"

Khandalo linali likuyamwa chibakera chake. Ine ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira, ndinangoimba.

"Uwauze agoneke chagada,
uwauze ayambe kumanzere,
apotoze pang'ono ngati akutsina mchere,
apite kumanja atsinenso chimodzimodzi,
azungulitse ndi dzanja, ine ndimve."

Anazungulitsa. Ndinatchera khutu. Makina abwino akamazungulira amanong'ona, tsetsetsetse, mpeni uliwonse kupereka moni wofanana. Awa amati tse, kenaka zii, kenaka khwe, ngati munthu wotsimphina. Tinatenga nyuzipepala imene anakulungiramo usipa. Ine nyuzipepala kuwerenga ndimavutika nayo, koma kung'amba timizere toyesera mipeni palibe ondiposa. Ndinang'amba, ndinaika pansi, ndinakankhira kumbuyo ndi phazi. Ndinaimba kuti alowetse kapepala pakati pa mipeni, azungulitse pang'onopang'ono, asamale zala, ayese kumanzere, pakati, kumanja.

"Uwauze anganga ako kumanzere kwadula," anatero. "Pakati papinda. Kumanja kwang'amba."

Tinasendeza bawuti wa kumanja. Kumanja kunadula, kumanzere kunagwira nji. Tinabweza. Pakati panakanabe. Dzuwa linafika pamutu tikungosewera ndi mabawuti awiriwo, uku kukagwira uko kwathawa, ndipo ndinadziwa kuti ndi mabala a tupa aja. Mabawuti sangachize zimenezo. Pamafunika kaphala kena kakuda ka mchengamchenga kamene amakaniko amapelera zitsulo za m'injini.

Ndinamubweza mwana kwa amake kuti ayamwe, ndinamanga chitenje, ulendo wa ku Zakazaka kumene kuli galaja ya munthu wina amene amuna anga amakapemphako kaphalako. Akabaza amandiimbira belu, "Tiyeni anganga," ine osawamva. Ndimayenda ngati ndasiya mphika pamoto. M'njira monse ndimaganiza kuti ndikabwerera ndikapeza makina ali okha pabwalo. Kugalaja ndinapeza mwini wake anamwalira, alipo ndi mwana wake. Ndinafotokoza, iye anaseka.

"Amayi, mwagula galimoto?"

"Ndagula, ya matayala awiri, injini yake ndi apongozi anga."

Anakokota m'kachitini nandiikira pa chitsekerero cha botolo. Ndinachinyamula m'manja ngati dzira mpaka kunyumba. Apongozi ndinawapeza pomwe paja, atakhala pansi, akupukuta masipanala amene anali oyera kale.

Ntchito ya kaphala ili ndi chinsinsi chake. Kamgolo kayenera kuzungulira chobwerera m'mbuyo, kuti mipeni ipelane yokhayokha mpaka ilingane. Mkati mwa tayala lililonse muli kagiya, ndipo m'kagiyamo muli kachitsulo kakang'ono konga chikhadabo kamene kamagwira ukamakankha n'kumasiya ukamakoka. Ukasinthanitsa, za kumanzere kupita kumanja, za kumanja kumanzere, makina amayenda kutsogolo koma kamgolo kakubwerera. Zonsezi ndinaziimba mwana ali kumbuyo, ndipo nyimbo yake inali yoipa, yopanda mutu, mawu osakwana m'kayimbidwe. Mayi woyandikana nafe uja anasuzumira pampanda.

"Koma mwana ameneyu akula ndi nyimbo zachilendo. Anzake amaimbiridwa za mbalame, iye za magiya."

"Adzakhala makaniko," ndinatero.

"Bwanji osangotembenuka muwauze? Boma lake liti likumangeni?"

"Inu munatembenuka, mkamwini wanu ali kuti?"

Anabweza mutu wake.

Apongozi anapaka kaphala pa mipeni yonse ndi kamtengo, nayamba kukankha makina kuzungulira bwalo. Poyamba kulira kwake kunali koyabwa m'mano, khrrr khrrr, mpaka galu wa eni ake anathawa. Anazungulira, anazungulira. Ine ndikuimba, tsinani mchere kumanzere, tsinani mchere kumanja, pakaninso, zungulirani. Bwalo lathu ndi laling'ono, ndiye amadutsa kumbuyo kwanga, kufika pa mtengo wa mapeyala, kutembenuka, kudutsanso. Mwana wanga anaima pakhomo ndi beseni, anayang'ana, analowanso. Pang'ono ndi pang'ono kulira kuja kunayamba kufewa. Khrrr anasanduka shrrr. Shrrr anasanduka kunong'ona. Dzuwa likupendeka ndinaimba kuti basi, apukute kaphala konse ndi sanza, asasiye ngakhale kambewu kamodzi ka mchenga, abwezere magiya m'malo mwake, adontheze oyilo.

Anabwezera. Anakankha. Matayala anayenda, kamgolo kali duu, osagwedezeka.

Ndinamva iwo akupuma mpweya wautali. Tsiku linali Lachisanu.

"Uwauze anganga ako ndalephera," anatero motsitsa.

Ndinadziwa kuti ndi tizikhadabo tija, talowa chozondoka. Koma kuti ndidziwe kazondoka motani ndinayenera kuona ndi maso, kugwira ndi manja, ndipo nyimbo ilibe maso. Ndinaimba kuti achotse matayala onse awiri, awasiye pansi, apite kuseri kwa nyumba akaone ngati mapapaya apsa. Anapita. Ndinatembenuka msanga, ndinagwada, mwana akulendewera kumsana. Zala zanga zinapeza kachikhadabo, ndinakatulutsa, ndinakatembenuza kuti mbali yakuthwa iyang'ane kumene giya akukankhira, ndinachita chimodzimodzi mbali inayo. Ndinabwerera pa kampando kanga, nkhope kukhoma, manja ali bii ndi girizi, ndipo ndinaimba kuti mapapaya awasiye.

Anabwera, anamanga matayala, anakankha kamodzi. Tsetsetsetse.

Ndinakankhira kapepala ndi phazi.

"Kumanzere kwadula," anatero. Anaiwala kumuuza mwana, anangonena. "Pakati padula. Kumanja kwadula."

Ine ndinaimirira ndi kuvina pomwepo moyang'ana khoma, mwana akudumphadumpha kumbuyo.

Loweruka tinanyamuka kukuyera. Iwo patsogolo, makina paphewa atawakulunga chiguduli, ine m'mbuyo patali ndithu, kuti akaima ndiime, akayenda ndiyende. Mwana anatsala ndi amake chifukwa cha bere. Tinadzera njira yachidule ya anthu a nkhuni, yoterera ndi matope ofiira. Tinakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo yaitali kuposa iwo eni, ndi anyamata a timadengu ta mabulosi akuthamangira kumsewu wa magalimoto. Mawondo anga amalira ngati zitseko. Ndikakweza maso ndimangoona chiguduli chikulowa m'mapaini, ndipo ndimauza miyendo kuti lero musandichititse manyazi.

Pamwamba tinapeza nkhungu ili tolo, yoti munthu sungaone nyumba mpaka utaigunda. Bambo a kofia aja anatilandira, natilozera bwalo. Kapinga anali wamtali kufika m'akakolo, wonyowa chonyowa. Ine ndisanapume n'komwe, apongozi anavundukula makina ndi kulowa nawo. Anali ndi changu cha munthu wofuna kuonetsa. Anakankha mikono yochepa, kapinga wonyowa anakulungana m'kamgolo, makina anatsamwa. Anachotsa ndi zala, anakankhanso, anatsamwanso. Kumbuyo kwawo kunatsala njira ya udzu wogona, wosadulidwa. Bambo aja anavula kofia, anakanda m'mutu, anavalanso.

"Alamu, ndi makina omwe aja awa?"

Ndinalibe mwana woimbira. Ndinawagwira bambowo ndi mawu.

"Alamu, mundibwereke pakamwa panu. Auzeni apongozi anga aime. Makinawa sadya udzu wonyowa, sadyanso wautali. Abwereke chikwakwa adule nsonga zokha. Atole timiyala ndi zibalobalo za mapaini, chimodzi chokha chikhoza kubenthula mpeni. Atsitse mpukutu wa kumbuyo kuti makina akwere m'mwamba. Akatero tidikire dzuwa."

Bambowo anatembenuka, nanena zomwezo kwa munthu amene anali atamva kale zonse. Anawonjezerapo zawo: "Ndipo akuti musathamange, simuli pa kabaza."

"Zimenezo sindinanene," ndinatero.

"Ndakuthandizani."

Apongozi anadula nsonga, ine ndinatola miyala mbali ina ya bwalo, tinasesa zodulidwazo. Kenaka panalibe chochita koma kudikira. Kudikira dzuwa la kuphiri ndi ntchito yowawa kuposa kulima. Nkhungu imang'ambika pang'ono, kuonetsa kadzuwa koyera ngati mbale, n'kutsekanso. Ndimagwira kapinga, wonyowa. Ndimazungulira nyumba, ndimabwera, ndimagwiranso, wonyowabe. Bambo aja amatuluka kukhitchini, kuyang'ana kumwamba, kuyang'ana kuchipata. Kamodzi ndinawamva akufunsa wophika ngati anyamata a zikwakwa ali pafupi. Apongozi anakhala pa mwala, msana kwa ine, osagwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuganiza za kapinga kapena za bulangete lokhuthala.

Masana atapitirira mphepo inabwera kuchokera kuchigwa, inakankha nkhungu yonse. Dzuwa linagwa pabwalo. Kapinga anayamba kufuka nthunzi. Ndinadikirabe, ndikudziletsa, mpaka nditaponda ndi phazi losavala n'kuona kuti latuluka louma. Ndinawagwedezera mutu bambo aja, iwo anati, "Akuti yambani."

Tsetsetsetsetse. Kapinga anauluka kutsogolo kwa makina ngati mvula yobiriwira. Mzere woyamba, wowongoka. Anatembenuka, mzere wachiwiri moyandikana, wina wowala wina wakuda, monga mmene amuna anga amachitira. Fungo la udzu wodulidwa linadzaza bwalo lonse. Atamaliza, ndinatumanso mawu kuti atsitse makina pang'ono adutsenso chopingasa. Wophika anatuluka ndi mpeni wake m'manja kudzaonerera. Ine ndinakhala pansi pa mtengo, ndinatambasula miyendo, nyimbo zinangobwera zokha, za tchalitchi ndi zanga zopeka, zosakanikirana.

Galimoto ya alendo imalowa pachipata iwo akupukuta mipeni. Bambo a kofia anayenda pabwalopo, anawerama, anasisita ndi chikhato.

"Muzibwera sabata iliyonse mpaka mvula ithe. Kuno ngakhale chilimwe nkhungu imameretsa. Nyumba ya kuseri uko nawonso akuvutika, ndikawauza."

Apongozi anawomba m'manja mwaulemu, anati zikomo. Sananene kuti ndizibwera. Sananenenso kuti sindibwera. Tinatsika phiri, tinafika kunyumba. Makina anawalowetsa m'nyumba mwawo m'malo mwa kukhitchini kwanga, koma chikwama chija sindinamve kuti chamasulidwa. Masiku otsatirawo ndinaonda. Ndimayang'ana mapazi awo akamadutsa, kuona ngati avala nsapato za ulendo. Ndinamufunsa mwana wanga, iye anati, "Mukufunsa ine, ndine mlembi wawo?"

Tsiku la galimoto linafika. M'mawa wa jekete uja anaimba mluzu kumsewu, chikwama chake chili kumsana. Apongozi anatuluka, manja ali m'thumba, anapita kukakumana naye. Ine ndinali pakati pa bwalo ndi tsache, ndipo ndinaima pomwepo ngati chitsa. Anayankhulana nthawi yaitali. Wa jekete amatambasula manja, amaloza kummwera, amamenya chikhato ndi chala. Apongozi amayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala cha kuphazi. Njinga zinadutsa, ana a sukulu anadutsa. Kenaka anagwirana chanza, wa jekete anakwera kabaza, apongozi anabwerera. Anadutsa atayang'ana kumbali monga mwa nthawi zonse, analowa m'nyumba, anatseka chitseko.

Ndinati mwina abwerera kudzatenga chikwama. Ndinasendera kufupi ndi khoma lawo, ndikusesa pamalo poyera.

Ndinamva mawu a mwana wanga, okwera, akuthwa.

"Makina anuwa akudontheza oyilo pa simenti yanga. Ndikolope kangati?"

"Ndiika katoni pansi."

"Katoni yake iti? Muwatulutse. Muno si mugalaja."

"Panja achita dzimbiri. Lachitatu ndikupita nawo kunyumba ya kuseri ija."

"Ndiye muzigona nawo inuyo, ine ndi mwana tipita kwa amayi."

"Kwa amayi ake ati, pakhomo pomwe pano?"

Anakangana ndithu, za oyilo, za matope a kuphiri pa thalauza, za sopo amene akutha msanga. Ine ndinatsamiritsa tsache, ndinamanga chitenje bwinobwino, ndinatuluka pachipata ndikuimba mokweza, ulendo wa kumsika kukagula nyemba ndi kabichi zokwanira anthu anayi.